Za pa 15 Okutobala: tipite kunyanja kapena tingowotcha mbuzi mtauni momuno?

Chikondi: Mwaswera bwanji nonse. Pa 15 pano ndi holide ya anakubala, tipanga chani chaka chino? Ndayambiratu lero dala chifukwa ndimakudziwani, tikadikira sabata yomaliza aliyense ayamba zoti ndilibe ndilibe. Maganizo alipo awiri, kupita ku Senga Bay kapena kungosonkha tigule mbuzi tiwotchere kwa mmodzi wa ife mtauni momuno. Yankhulani

Yamikani: Kunyanja basi, palinso zokambirana apa? Kutentha kwa Lilongwe mwezi uno munthu ukumasamba pakati pa usiku koma tulo osabwera, masana fumbi lokhalokha

Thoko: Inenso kunyanja

Gift: Kulikonse ine ndilipo bola kukhale zobanda

Yamikani: Kkkkk Gift amayankha nsanga ikakhala nkhani ya zakudya, tidikire ifike nkhani yosonkha muone netiweki ikavute

Gift: Aise usayambe

Bambo a Pempho: Moni nonse. Ine funso langa ndi limodzi, mafuta. Kuchoka mtauni muno kukafika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, kuwonjezera ena 20 oti mufike ku Senga Bay, ndiye kupita ndi kubwera, komanso pobwerera pali zitunda za ku Chezi ndi ku Mvera galimoto itadzaza anthu ndi makulaboksi imamwa osati masewera. Tilipo anthu oposa 15 kuphatikiza ana, Sienta yanga ndi kagalimoto ka a Chikondi sitingakwane. Ndiye kaya tipange hayala minibasi, koma dziwani kuti tsiku limenelo eni maminibasi amatchaja mmene afunira chifukwa aliyense akulowera komweko. Ndipo ngati mafuta angasowenso mma filing'i siteshoni amene akagone pa mzere ndi ine, enanu muli mtulo

Chikondi: Apa alamu anena zoona. Komanso musaiwale kuti pa 15 ndi pakati pa mwezi penipeni, salale inatha kalekale ina sinafike

Yamikani: Holide imeneyi anaiika pa tsiku lolakwika basi, ikanakhala pa 30 bwenzi amayi athu akulandira zitenje zapamwamba

Limbani: Ndiyankhuleko ine mwini Salima kkkk. Amwene pa 15 kunyanja sikoti munthu ukapume ayi. Lilongwe yonse imasamukira kumeneko, mabasi a amayi a mmipingo atavala zitenje zofanana, ma banki mkhonde, ana asukulu, aliyense ndi sipika yake. Mukafika 10 koloko malo oimika galimoto palibe, pa geti amakulipiritsani aliyense mutu wake, malo ena kulaboksi salola kulowa nayo kapena mulipire kaye. Mmadzimo anthu amachita kuthithikana ngati usipa mu chilimira, mwana ukangomuphethira wasowa. Ndipo mchenga siwochuluka mmene unalili kale, paja 2024 nyanja inakwera kwambiri mpaka madzi kulowa mma loji ena, malo ena amene tinkayala mphasa pansi pa mitengo anamira

Thoko: Koma ndiye mwatigwetsa ulesi achimwene

Limbani: Ayi sindikuletsa, ndikungonena kuti mukafuna nyanja yeniyeni pitani wikendi wamba. Mwezi uno ndi wabwino, mwera unatha, madzi ali phee, mutha kukwera boti kukazungulira kachilumba kaja kali pafupi. Koma osati pa 15

Mada Joni: Eish inu mukukangana za kunyanja ine kuno ndikungomeza malovu. Chambo chowotcha pamakala chothira mandimu ndi kambuzi, nsima ya ufa woyera pambali. Kuno ufa ulipo wambiri mmashopu koma nsima yake siyikoma chimodzimodzi, kaya ndi chigayo kaya ndi madzi kaya ndi mtima wanga chabe

Make Faith: Mada mwana wakwathu uli bwanji kumeneko? Usipa uja unafika?

Mada Joni: Unafika asisi zikomo kwambiri, ndinakautenga ku basi Lamlungu. Anzanga a ku Zimbabwe amene ndimakhala nawo nyumba imodzi ankadandaula fungo koma utapsa ndi tomato onse anabwera ndi mbale kkkk

Yamikani: Ndiye Limbani nsomba tsiku limenelo zimakhala bwanji mtengo

Limbani: Usayerekeze. Ogulitsa akangoona nambala ya galimoto ndi magalasi akuda amadziwa kuti awa ndi a mtauni, mtengo umakwera pompo. Nsomba umagula mmamawa kwambiri asodzi akungofika kumene, kapena utume munthu wakomweko. Ndipo chambo chenicheni cha mnyanja chikusowa masiku ano, chambiri chimene mumagula mtaunimu ndi choweta. Kumene kuja zimene sizivuta kupeza ndi usipa, utaka, mcheni, nthawi zina kampango ndi batala. Pogula tsegulani mmakha muone ngati muli mofiira, maso akhale owala, mukaidina ndi chala mnofu uzibwerera. Ikakhala yoti yaikidwa mchenga wambiri pamwamba samalani, ena amabisa kuti yagona

Thoko: Batala ndiye nsomba koma, mafuta ake aja

Limbani: Ndiye dziwaninso kuti Novembala akangoyamba amatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane, nsomba zimachepa pamsika. Ku chilumba cha Mbenje kwathu kuja ndiye amatseka mwa chikhalidwe, Disembala mpaka cha mu Epulo, mfumu Makanjira ndi anthu ake anayamba kalekale zimenezo. Pachilumbapo mowa saloleza, juga ayi, akazinso safikapo

Yamikani: Mowa saloleza? Basi Gift kumeneko sangakakhale ngakhale tsiku limodzi

Gift: Ine ndinasiya man, pano ndi Sobo yekhayekha

Chikondi: Unasiya liti, Loweruka lapitali amene tinamuona pa Bwandilo atagwira Green anali mapasa ako?

Gift: Ndinangomugwirizira munthu

Thoko: Kkkkkk. Koma vuto la Lilongwe ndi limeneli, mukati tipite kokacheza ndiye kuti ndi kokamwa kapena ku Gateway Mall kukazungulira opanda chogula. Kwathu ku Blantyre ola limodzi uli ku Zomba ukukwera ku Chawe, mphepo yozizira, ana akugulitsa mastiroberi ndi mapichesi mmbali mwa msewu. Kapena ku Mulanje, kusiya galimoto pa Likhubula nkuyenda wapansi mpaka pa Dziwe la Nkhalamba, madzi ozizira oti mano amachita kuwawa. Kuno phiri lake liti? Tauni yongoti tambalala, kuchoka ku Area 25 kupita ku Area 36 ndi ulendo wa tsiku lonse

Yamikani: Ayi asisi musatinyoze, Nkhoma ilipo, Bunda ilipo, Dedza ndi pafupi pompa. Ndipo misewu yathu pano mwaiona? Interchange ya pa 18 kwanu ilipo? Bingu Stadium ilipo? Inu mpaka lero mukadali pa Kamuzu Stadium pomwe mbali zina anatseka

Thoko: Msewu umadyedwa? Tikunena zokacheza ife

Yamikani: Chabwino tinene za kudya zomwezo. Kanyenya wa pa Bwandilo madzulo, mang'ina otentha a msuzi wa tsabola uja, nthumbwana, Blantyre ingayerekeze?

Thoko: Chiwaya cha ku Ndirande ndi ku Limbe iwe sunadyepo, ukungoyankhula

Yamikani: Mbatata yake imachokera kuti? Kachewere yense ndi wa ku Dedza ndi ku Ntcheu, Bembeke, Lizulu, Tsangano, ife timalandira ikadali ndi dothi lonyowa. Ndiye tchipisi cha pachiwaya chili ndi malamulo ake asisi. Usamatenge chimene chaunjikidwa mmbali chija, chimakhala chaphikidwa theka chabe, umamuuza mwini wake akubwezere mmafuta pakati paja uli pompo ukuona, chituluke chofiirira. Kenako mchere, tsabola wa ufa, kabichi ndi tomato pamwamba, ndiye atapeko timafuta pang'ono ndi chipande athire. Ukafuna kudzipepesa uwonjezere zigege ziwiri ndi kachiwindi. Kudyera pompo choimirira ndi kamtengo, ukangoti akumangire upite nacho kunyumba chimafika chitalefuka, sichikomanso

Make Faith: Timafuta timeneto ndi timene tikukutumizani ku chipatala ndi BP muli ana. Mafuta akuda bii, sadziwika anawathira liti

Yamikani: Asisi mafuta ophikira mmene akwereramu mukuganiza kuti munthu wa chiwaya angamataye tsiku lililonse? Chichokereni kugwa kwa kwacha kuja kwa 44% mu Novembala 2023 mbale ya tchipisi inangosanduka yowerenga, umatha kuwerenga zidutswa ndi maso. Kale K500 unkakhuta

Bambo a Pempho: Ku memo nakonso ndi chimodzimodzi, nyama ukumapatsidwa kanthuli kamodzi, kotsalako ndi msuzi ndi mpiru. Anyamata a ku ofesi kwathu ambiri pano akumabwera ndi kontena kuchokera kunyumba, amene ankaseka anzawo aja ndi amene ali patsogolo pa mzere wotenthetsa

Chikondi: Anthu inu tabwererani pa nkhani, ndafunsa za pa 15 mwafika ku memo. Kunyanja kapena mtauni?

Gift: Mtauni bola, zotchipa

Mada Joni: Pangani za mtauni ine nditumiza kangachepe pa Mukuru ka zakumwa za ana, bola mudzandiimbire video mbuzi ili pamoto

Make Faith: Ine ndakhala chete ndikuwerenga, tsopano ndiyankhule ndipo musakwiye. Mukati tiwotche mbuzi kunyumba kwa munthu, amene amagwira ntchito ndani? Ulendo watha uja tinasonkhana kwa a Chikondi ati kusangalalira anakubala, ife amayi tinafika 7 koloko mmawa, kusenda mbatata, kutsuka zamkati za mbuzi, kuphika nsima mpoto waukulu uja utsi uli mmaso, kupanga saladi, kwinaku ana akulira kwinaku wina akufuna madzi osamba mmanja. Azibambo munafika 12 koloko mutatchena, nkukhala pansi pa mtengo wa mango ndi mabotolo kumakangana za Bullets ndi Wanderers ndi Silver, ntchito yanu inali kutembenuza nyama basi, nayonso ina inapserera. Mutadya munanyamuka ati tikaone mpira, mbale tinatsuka ndife mpaka mdima. Ndinafika kunyumba msana ukuwawa nkuyambanso kusita mayunifolomu a ana. Ndiye mukati kunyanja nchimodzimodzi, amene amadzuka 3 koloko kukazinga nkhuku ndi kuphika mpunga woti tinyamule ndi ife, kukafika uko inu mmadzi ife kulondera zikwama ndi ana. Ndiye tsikuli ndi la anakubala kapena la azibambo? Ngati zili zomwezo ine chaka chino ndigona kunyumba kwanga, ndikapatse mayi anga chitenje ku Likuni nkubwerako basi

Thoko: Asisi mwalasa

Chikondi: Ndipo mapoto anga awiri anatsala akuda osakwecheka mpaka lero, sindinanene chabe

Yamikani: Eee koma lero tayaluka

Gift: Ine ndinathandiza kunyamula makireti

Make Faith: Unanyamula chifukwa unkafuna ukhale nawo pafupi

Limbani: Kkkkkkk Gift ingokhala chete amwene

Bambo a Pempho: Chabwino, ndamva. Ndiye tipange chonchi. Pa 15 tikumane kwathu ku 49, bwalo lilipo, mthunzi ulipo. Amayi asagwire kanthu ngakhale mpeni. Afike 1 koloko atatchena, akhale pa mipando, ife tiphike, tigawe, titsuke mbale. Ana tiwatengere mmawa ku Wildlife Centre akaone anyani ndi ng'ona, mmodzi wa ife apite nawo, amayi apume kunyumba. Za kunyanja tipange kumapeto kwa mwezi tikalandira, anthu atachepako ngati mmene wanenera Limbani

Make Faith: Alamu mawu amenewa ndawasunga, ndajambula kale sikirini

Thoko: Funso, ife amene sitinabereke tili mbali iti? Chifukwa ine ndikulera ana awiri a achemwali anga, fizi ndimalipira ndine

Chikondi: Iwe uli pa mpando nafe, wolera ndi kubala yemwe

Yamikani: Ndiye kusonkha kwake kukhala bwanji, amayi asonkhanso?

Chikondi: Ayi. Mwati ndi tsiku lathu. Azibambo mulipo 7 kuphatikiza amuna anga ndi bambo a Faith amene sayankhula mu gulu muno koma amawerenga zonse

Bambo a Faith: Ndilipo

Yamikani: Kkkkk akulu atulukira, chaka chonse mawu awiri

Bambo a Pempho: Mbuzi tisagule mtauni, ya kubutchala ikhala yodula komanso sitipeza zamkati ndi mutu. Ndili ndi munthu ku Mitundu atha kutipezera yamoyo yabwino, yaing'ono yonona osati tonde wokalamba wonunkha uja. Tikaitenge pa 14 madzulo, tiphe mmamawa pa 15. Miyendo ndi nthiti tiwotche, zamkati tipange nthumbwana, mutu ndi mapazi tiphike msuzi wa amene adzakhale ndi matsire. Wodziwa kusenda ndani?

Limbani: Kusenda ndi ine, ndinakulira kumudzi. Ndipo pa 13 ndikupita kwathu kukaona mayi, ndibwera pa 14 ndi nsomba mu kulaboksi, ndikagula mmamawa kwa asodzi ndimadziwana nawo. Amene sadya mbuzi asadandaule. Mukafuna usipa wofutsa wa kunyumba kwanu nenani msanga munditumizire yake payokha, musaphatikize ndi ya phwando

Mada Joni: Limbani undisungireko wouma, pali munthu akubwera kuno kumapeto kwa mwezi

Limbani: Bho

Yamikani: Tchipisi ndi ine, ndibwereka chiwaya kwa mnzanga wa ku Kawale, holide iye sagulitsa amapita kumudzi. Thumba la kachewere ndikagula ku Wakawaka, kumeneko ndi kotchipirako kusiyana ndi mmisika ya mmakomboni. Asisi a Faith musadandaule mafuta akhala atsopano, mudzatsegula nokha botolo

Make Faith: Ine sindidzatsegula kanthu, mwati tisagwire ntchito

Thoko: Kkkkkk mwayamba bwino asisi

Bambo a Pempho: Makala ndiye nkhani ina. Thumba lakwera kwambiri, komanso paja makala a mitengo yachilengedwe opanda chilolezo ndi oletsedwa, ambiri amene amalowa mtauni muno pa njinga usiku ndi a ku Dzalanyama komwe kumachokera madzi amene timamwa. Ine kunyumba ndinasamukira ku gasi, nsima ndi mpunga tiphikira pamenepo. Zowotchazo tigule makala ovomerezeka aja a mmapaketi, amapezeka mmashopu ndi mma filing'i siteshoni ena

Yamikani: Amenewo amachedwa kuyaka akulu

Bambo a Pempho: Amachedwa koma akayaka amakhalitsa, tidzayatsa msanga

Chikondi: Ndiye bajeti ndi iyi, ndawerengera mbuzi, mbatata, mafuta, ufa, mpunga wa Kilombero, nsomba za a Limbani, makala, tomato anyezi kabichi, ndi geti ya ana. Bambo aliyense K35,000. Zakumwa zoledzeretsa aliyense abwere ndi zake, za ana ndi amayi zichokera kwa Mada. Tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba pa manambala anga omwe aja, muwonjezere yotapira chonde, musanditumizire yokwana ndendende ngati ulendo watha. Tsiku lomaliza ndi pa 10 chifukwa wa mbuzi akufuna kaye theka

Gift: 35 yonse? Pakati pa mwezi? Anthu inu

Yamikani: Ndinanena ine, taonani netiweki yayamba

Gift: Ayi sikuti ndikukana, koma lendi ndalipira dzana, kabaza tsiku lililonse kupita ku Kanengo chifukwa minibasi mmawa ukadikira ufika 9 koloko, ndiye ndili ndi ngongole ya banki mkhonde ya akazi anga. Ndipereke 20 pano 15 inayo pa 28

Chikondi: Gift ya ulendo watha 10 ija inalinso ya pa 28, sunanene chabe kuti 28 ya mwezi uti

Limbani: Kkkkkk

Bambo a Pempho: Musiyeni apereke 20, koma mbale zonse ndi mapoto atsuka yekha, ndi kukwecha komwe

Gift: Zamkati za mbuzi ndiye ayi, fungo lija ine limandidwalitsa

Bambo a Faith: Zamkati nditsuka ine

Thoko: Eee bambo a Faith lero ayankhula kawiri, kugwa mvula

Gift: Chabwino mbale ndatenga. Koma nditha kubwera ndi mnzanga mmodzi? Ndi munthu wabwinobwino, amadziwa kuika nyimbo

Chikondi: Ayi

Make Faith: Ayi

Yamikani: Munthu wapereka theka akufuna kubwera awiri, masamu ake ndi a sukulu iti

Mada Joni: Kkkkk ndakusowani anthu inu. Nditumiza mawa ndikaweruka, asisi Chikondi mudzaona meseji

Thoko: Chinthu chimodzi chokha, pasakhale zoti 3 koloko azibambo azimiririka ati kuli mpira. Foni za mpira zizimitsidwe mpaka mbale zitayanikidwa

Limbani: Nanga magetsi akazima zakumwa tiziziritsa bwanji, a Pempho furiji yanu ndi yaing'ono ija

Bambo a Pempho: Tigula ayisi wa mabuloko mmawa, pali mayi wina pafupi amagulitsa. Bweretsani makulaboksi onse amene muli nawo, wa nsomba ukhale pawokha. Mipando ndili nayo 10, ina tibwereka kwa aneba

Yamikani: Zonse zatheka koma pali funso limodzi palibe walifunsa. Nsima ya anthu 20 akuphika ndani? Ine ndimatha ya kapoto ka munthu mmodzi, ikapitirira pamenepo imatuluka ya mibulu

Limbani: Ine ndili ku mbuzi

Gift: Ine ndili ku mbale

Bambo a Pempho: Ine ndi mwini nyumba, ndiyang'anira zonse

Thoko: Kkkkkkk taonani akuthawana

Yamikani: Asisi a Faith simungangotivundulirako kokha, kuomola tiomola tokha

Make Faith: Ayi. Muli ndi masiku okwanira, yambani kuphunzira kunyumba kwanu kuyambira lero madzulo. Mthiko waukulu ndi chipande ndikubwerekani, mudzatume mwana adzatenge pa 14

Bambo a Faith: Nsima ndiphika ine, ndinkaphika ku maliro kumudzi

Chikondi: Zatheka. Amene watumiza kale ndi bambo a Pempho ndi a Limbani, enanu ndikudikira. Yamikani yako yafika koma yotapira palibe